Helikopita isanayandikire mawaya athu, tikonze kaye zapansi

Amene amakwera msewu wa ku Namwera kudzera pa Chowe amadziwa malo ovuta omwe mawaya a magetsi amadutsa kuno ku Mangochi. Polo ina yaima pamwala, ina ili m'chigwa momwe galimoto singalowe. Dzinja likafika, anyamata okonza magetsi amasiya galimoto pamsewu n'kusenza makwerero ndi zingwe paphewa, kutsata layini polo ndi polo, kufunafuna pomwe paduka. Cha ku Makanjira mitsinje ikasefukira, kungopeza pomwe pali vuto kumadya masiku, uku nsomba zikuwola m'mafiriji, zigayo zili zii, katemera akutentha m'zipatala za kumudzi. Ndiye munthu akafunsa kuti, "Bwanji osangobwereka helikopita ione layini yonse m'mawa umodzi?" sakulakwa. Helikopita imathadi kutero.

M'dziko muno ntchito ya mawaya yogwiritsa ntchito helikopita si ya tsiku ndi tsiku, koma zinthu zikulowera komweko. Layini ya 400 kV (mavoti 400,000) yochokera ku Phombeya m'boma la Balaka kukafika ku Nkhoma, yotalika makilomita 173, inatha mu 2018. Panayambikanso ntchito yomanga ina ya makilomita 218 yolumikiza Phombeya ndi Matambo ku Tete. Malayini otere sazimitsidwa wambawamba, chifukwa kuzimitsa imodzi n'kuika theka la dziko mumdima. N'chifukwa chake Eskom, kampani ya magetsi ya ku South Africa, yakhala zaka zambiri ikutumiza anthu pa helikopita kukakonza mawaya magetsi ali momwemo. Namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 anationetsanso kuti misewu ikaduka, njira yotsala yofikira mapolo ogwa ndi yam'mwamba.

Ganizo lathu ndi lakuti helikopita ibwere ndithu, koma ipeze tapanga kale mbali yathu. Ngozi zambiri pa ntchito imeneyi zimabadwira pansi: m'kontilakiti yolembedwa mothamanga, pa mapu osasonyeza waya wina, mu mgolo wa mafuta womwe wagona pamvula. Zonsezi zili m'manja mwa ife olemba ntchito, ngakhale ndege ndi woyendetsa wake atachokera ku Johannesburg.

Tiyambe ndi chifukwa chake ntchitoyi ilibe malo olakwitsira. Helikopita ya injini imodzi, monga MD 500 kapena H125 zomwe zimakondedwa pa mawaya, injini ikazima sigwa ngati mwala. Mphepo yochokera pansi imapitiriza kuzunguza mapiko, ndipo woyendetsa amatha kuitsitsa bwinobwino. Koma kuti zitheke, ayenera kukhala ali m'mwamba kwambiri kapena ali pa liwiro. M'buku la helikopita iliyonse muli chojambula chosonyeza utali ndi liwiro zomwe woyendetsa ayenera kuzipewa, chifukwa injini ikazimira pamenepo alibe mpata wopulumukira. Ntchito ya mawaya imachitikira m'kati mwenimweni mwa dera loipalo: mamita 20 mpaka 40 kuchokera pansi, ndege itaima malo amodzi, pansi pake pali miyala ndi mitengo. Kanthu kakang'ono komwe pa ulendo wamba kakanangokhala kodandaulitsa, pano n'kokwanira kupha anthu atatu.

Kutentha kwa kwathu kuno kumachepetsanso mpata womwe ndi wochepa kale. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere. Pa utali umenewu, mawerengedwe a ndege amatenga kuti kunja kuli madigiri 12. Digiri iliyonse yoposa apo imapeputsa mpweya ngati kuti mwakwera mamita ena 37. Tsiku la Okutobala lotentha madigiri 36, helikopita yomwe yaima pa Mangochi boma imakhala ngati ili pa mamita 1,360. Mukakwera nayo kumapiri a Namwera masana omwewo, mphamvu zake zimatsikiratu. Kulemera komwe inanyamuka nako mosavuta 6 koloko m'mawa kungaigonjetse 11 koloko. Choncho anthu, zida ndi mafuta ziyezedwe pa sikelo tsiku lililonse, osati kungoyang'ana munthu n'kuti uyu ndi wa makilo 70, ndipo masamu a kulemera abwerezedwe dzuwa likakwera. M'chilimwe, ntchito yoimika ndege pambali pa waya ithe isanakwane 10 koloko.

Za mphepo, asodzi a ku Malindi ndi ku Chembe angaphunzitse aliyense. Mwera amaomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo akadumpha phiri amagwera tsidya linalo mozungulirazungulira, n'kumakankhira pansi chilichonse chouluka. Helikopita ikaima malo amodzi mphepo n'kuimenya kuchokera kumbuyo kapena chammbali, kafani ka kumchira kamatha kuperewera mphamvu, ndege n'kuyamba kutembenuka yokha. Pabwalo lopanda kanthu woyendetsa amaweramitsa mphuno n'kuthamangira kutsogolo, vuto n'kutha. Pambali pa waya, mchira umakhala utagunda kale. Malire a mphepo alembedwe m'manambala ntchito isanayambe, ndipo pakhale munthu woyeza mphepoyo pa nsanja yonyamula mawaya pomwepo ndi kachipangizo ka m'manja. Zanyengo zochokera ku Chileka sizingakuuzeni zomwe zikuchitika m'chigwa cha ku Namizimu. Kuyambira Ogasiti palinso utsi wa moto wa m'tchire ndi wa mauvuni a makala. Utsi umabisa waya, komanso moto ukamayaka pansi pa layini, magetsi amadumpha mosavuta kudutsa mu mpweya wotenthawo.

Waya amene amagwetsa ndege kawirikawiri sakhala amene anthu abwera kudzakonza. Amakhala wina: waya wa ethi wopyapyala uja amakhala pamwamba pa nsanja kutchinga mphezi, kapena waya wokoka polo kuti isagwe, kapena kalayini ka 11 kV kodutsa pansi pa layini yaikulu kupita kuchigayo. Diso la munthu limalephera kuona waya akakhala patsogolo pa phiri lobiriwira kapena dzuwa likakhala kumaso, ndipo ngakhale limuone, limalephera kuyeza kuti ali patali bwanji. Bungwe lofufuza ngozi ku Australia, la ATSB, linapeza kuti mwa oyendetsa ndege zopopera mankhwala m'minda omwe anagunda waya, 63 pa 100 alionse ankadziwa kale kuti wayayo alipo. Anamuona m'mawa, anamuzungulira kangapo, kenako maganizo atapita pa china, anamuiwala kwa kamphindi. Apa m'pomwe wothandizira woyendetsa amafunikira. Ntchito yake ndi kutchula waya aliyense mokweza nthawi iliyonse akamuyandikira, ngakhale atamutchula kale kakhumi: "Waya, kumanja, pamwamba." Woyendetsa ayankhe kuti wamuona. Akapanda kuyankha, ndege ibwerere m'mbuyo.

Malamulo ena ndi akale ndipo sanasinthe. Layini imawolokedwa pamwamba pa nsanja, chifukwa nsanja imaoneka ndipo palibe waya woiposa utali. Pakati pa nsanja ziwiri mawaya aakulu amalendewera pansi pomwe wa ethi amakhala chapamwamba, osaoneka. Mipeni yodulira waya yomwe imamangidwa pamphuno ndi padenga la helikopita imathandiza ndege ikagunda waya chamaso ili pa liwiro, koma singateteze mapiko kapena mchira pamene ndege yaima. Ndipo layini iliyonse iyambe yayendedwa pansi, kapena kuulukidwa patali pamwamba, anthu asanatsike kukagwira ntchito pambali pake.

Tsopano za munthu wokhala pa thabwa lachitsulo kunja kwa helikopita, amene amagwira waya wamoyo ndi manja. Chimamuteteza ndi chomwe chimateteza mbalame yotera pa waya: sakhudza pansi, sakhudzanso waya wachiwiri. Amavala suti yolukidwa ndi ulusi wosagwira moto wosakaniza ndi wachitsulo, ndipo chipewa, magolovesi ndi masokosi zimalumikizidwa ku sutiyo kuti magetsi azidutsa kunja kwa thupi. Ndege ikamayandikira, amatambasula kandodo kachitsulo, moto n'kudumpha kuchoka pa waya kupita pa kandodoko, kenako amamanitsa chopanira kuti iye, ndege ndi waya zikhale pa mphamvu imodzi. Chopaniracho chiyenera kukhala chosomoka chokha ndege ikachoka mwadzidzidzi. Suti yong'ambika kapena yochapidwa ndi sopo wolakwika imataya mphamvu yake mosaoneka, n'chifukwa chake imayezedwa ndi mita, osati ndi maso.

Choopsa chachikulu pano ndi mpata. Mpweya wa pakati pa waya ndi waya mnzake ndiwo umaletsa magetsi kudumpha. Pa 132 kV mpata wosayenera kulowedwa ndi woposa mita imodzi. Pa 400 kV umaposa mamita awiri ndi theka. Helikopita ndi chitsulo, ndipo mapiko a MD 500 amatambasuka mamita 8, a H125 pafupifupi 11. Ikalowa pakati pa mawaya awiri imadya mpata uja, magetsi n'kupeza mlatho. Mainjiniya awerengere mtundu uliwonse wa nsanja payokhapayokha, ndipo nsanja yomwe mawaya ake ndi othithikana iletsedwe kuyandikiridwa ndi ndege magetsi ali momwemo. Chinanso chomwe sichiyenera kuiwalika ndi swichi ya ku sabusiteshoni yomwe imabwezeretsa magetsi yokha layini ikathima. Masiku wamba ndi yothandiza, chifukwa nthambi ikangokhudza waya magetsi amabwerera pakamphindi. Tsiku lomwe pali munthu pa waya, swichi imeneyi itsekedwe, ndipo woyang'anira ku chipinda chowongolera magetsi atsimikize pa ovaova, dzina lake lilembedwe pa chikalata cha chilolezo. Ikasiyidwa, ngozi ikachitika imamenya munthuyo kachiwiri.

Wina angati, ndiye tingozimitsa layiniyo basi. Waya wozimitsidwa amaphabe. Akayenda moyandikana ndi layini ina yamoyo amatola magetsi kuchokera kwa mnzakeyo, ndipo mitambo ya mvula ili kutali imathanso kumudzaza. Ayezedwe kaye, kenako amangiriridwe ku ethi mbali zonse ziwiri za pomwe anthu akugwira. Nayo mbedza ya pansi pa helikopita imasonkhanitsa magetsi ikamauluka m'fumbi. Igunde kaye pansi munthu asanaigwire.

Pali njira ina yomwe munthu amalendewera pa chingwe cha mamita 15 mpaka 30 pansi pa helikopita, n'kukatsitsidwa pa nsanja. Mbedza ya katundu inapangidwa kuti izitseguka msanga, kuti zinthu zikavuta woyendetsa ataye katundu apulumutse ndege. Munthu si thumba la simenti. Ponyamula munthu pamafunika mbedza ziwiri zosadalirana, kapena lamba wachiwiri wozungulira mimba ya ndege, kuti batani limodzi lokhudzidwa mwangozi lisamugwetse. Chingwecho chikhale chosadutsa magetsi, chisungidwe m'thumba louma, ndipo chikanyowa kapena kuda ndi matope chisayandikire waya wamoyo. Kuno kwathu palinso vuto lomwe woyendetsa wochokera kunja sangaliganizire: akuba amamasula zitsulo za m'munsi mwa nsanja kukagulitsa, ndipo chiswe chimadya mapolo a mitengo m'kati kunja kukuoneka bwino. Munthu asatsitsidwe pa nsanja yomwe sinayenderedwe pansi sabata yomweyo.

Mafuta nawo ali ndi nkhani yawo. Kutali ndi mabwalo aakulu a ndege, Jet A-1 amabwera m'migolo ya malita 200. Mgolo ukaimikidwa chilili panja, madzi a mvula amadikha pamwamba, ndipo ukamatentha masana n'kuzizira usiku umayamwa madziwo kudzera pa chotsekera. Migolo igonekedwe cham'mbali, zotsekera zonse ziwiri zili pa mulingo umodzi. Isanapopedwe iimikidwe ndi kusiyidwa kuti zinyalala zidikhe, atungeko pang'ono m'botolo loyera, ayeze ngati mulibe madzi, ndipo pampu ikhale ndi sefa. Mafutawa ndi achibale a parafini, choncho mgolo womwe chidindo chake chadulidwa ubwezedwe osafunsa zambiri. Palinso chiyeso chonyamuka ndi mafuta ochepa kuti ndege ipepuke, pakuti malita 50 amalemera makilo 40. Koma helikopita ikamakoka chingwe cha waya watsopano imayenda chopendekeka kwa nthawi yaitali, mafuta n'kuthawira mbali imodzi ya thanki, pampu n'kuyamwa mpweya, injini n'kuzima geji ikusonyezabe kuti mafuta alimo. Pa ntchito yokoka, malire a mafuta otsala akhale okwera kuposa a ulendo wamba.

Anthu a ku Phirilongwe omwe anaona njovu zikusamutsidwa kupita ku Majete mu 2009 amadziwa chomwe chimachitika helikopita ikatera pamudzi: mudzi wonse umathamangira komweko, ana patsogolo. Mphepo ya mapiko imasasula denga la udzu, imamwaza usipa wa pa thandala, ndipo jumbo kapena chitenje chouluka chikakodwa m'mapiko kapena kutseka polowera mpweya wa injini, ndege imagwa. Malo oterapo asankhidwe kutali ndi nyumba, osachepera mamita 30 mbali zonse, atoledwe zinyalala ndi kuthiridwa madzi kuti fumbi lisaphimbe maso a woyendetsa. A gulupu ndi a nyakwawa auzidwe masiku angapo ntchito isanafike, uthenga upite ku mzikiti, ku tchalitchi ndi ku sukulu, m'Chiyao ndi m'Chichewa. Wofika pa ndege adzere kutsogolo woyendetsa atamukodola. Pa malo otsetsereka adzere kumunsi, chifukwa kumtunda mapiko amadutsa pa msinkhu wa mutu. Kumchira sikupita munthu.

Zonse tanenazi zimalimba kapena kugwa malinga ndi mmene ndalama zikulipiridwira. Kontilakiti yolipira pa kilomita kapena pa nsanja iliyonse yomalizidwa imauza woyendetsa kuti tsiku lomwe wakana kuuluka chifukwa cha mwera, kampani yake yaluza. Mawa lake adzauluka. Wolemba ntchito alipire masiku odikira nyengo, ndipo alembe malire a maola omwe woyendetsa angaime pambali pa waya asanapume, chifukwa ntchitoyi imatopetsa mutu kuposa kuuluka ulendo wautali. Poyerekeza makampani opikisana, mtengo wotsika usakhale woyamba kuyang'anidwa. Afunsidwe maola omwe woyendetsayo wagwira ntchito ya mawaya yeniyeni, mbiri ya kukonzedwa kwa ndegeyo, ndi chilolezo chake chonyamula munthu pa chingwe. Inde, zimenezi zikweza mtengo, ndipo ndalama za ESCOM zimachokera m'matumba mwa ife ogula mayunitsi. Koma walira mvula walira matope. Ngati sitingakwanitse kulipira helikopita yodikira nyengo, ndiye kuti sitinakwanitse kubwereka helikopita.

Palinso chikhalidwe chathu chomwe, chabwino m'mudzi koma choopsa pa waya. Mnyamata wa pansi akaona chingwe chakodwa pa nsanja, ulemu umamuuza kuti asadule mawu a bwana, makamaka bwana wachilendo wolankhula Chingerezi chothamanga. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Pa msonkhano wa m'mawa uliwonse, woyendetsa anene ndi pakamwa pake kuti aliyense, ngakhale wothira madzi pabwalo, ali ndi mphamvu yoimitsa ntchito. Asankhe liwu limodzi lomwe onse akulimva, komanso chizindikiro cha manja choti chigwire ntchito ovaova ikafa. Woimitsa ntchito n'kupezeka kuti panalibe vuto athokozedwe pamaso pa anzake, apo ayi sadzayankhulanso.

Zikavuta, thandizo lichokera kuti? Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa kunja kuli chifunga, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Inapezeka tsiku lotsatira. Akatswiri a ku Germany omwe anafufuza anapeza kuti batire la kachipangizo kolira ndege ikagwa linatha nthawi yake mu 2004. Ija sinali helikopita ndipo sinali pa ntchito ya mawaya, koma chilonda chake chatiphunzitsa zokwanira. Helikopita yogwira ntchito m'mapiri athu ikhale ndi kachipangizo kotero kamoyo, ikhalenso ndi kena kotumiza malo ake kudzera pa satelayiti mphindi zingapo zilizonse, ndipo pakhale munthu pansi amene ntchito yake ndi kuyang'ana zimenezo basi. Netiweki ya foni m'zigwa si yodalirika. Munthu wokomoka ali lende pa malamba ayenera kutsitsidwa m'mphindi zochepa, choncho zingwe zopulumutsira ndi anthu oziyeserera akhale pa nsanja pomwepo. Wopsa kwambiri ndi magetsi adzayambira ku chipatala cha boma cha Mangochi kapena cha Monkey Bay, koma wodi ya opsa ili ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ulendo wa maola atatu kapena kuposa. Galimoto, mafuta ake ndi dalaivala zikhale zokonzeka ndege isananyamuke.

Lamulo la chitetezo ndi umoyo pa ntchito la 1997 ndi la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la 2000 amateteza wovulala, koma ntchito yomwe theka lake ndi ya ndege, theka la magetsi, imafuna ndondomeko yakeyake. Bungwe loona za ndege la Malawi Civil Aviation Authority ndi loona za magetsi ndi mafuta la MERA akhale pansi pamodzi alembe ndondomeko imodzi, ndipo ngozi zomwe zangotsala pang'ono kuchitika zizilembedwa ndi kugawidwa kwa onse ogwira ntchitoyi popanda kulanga wonena.

Tinenenso mosabisa kuti pa malayini ambiri a 33 kV ndi 11 kV a m'boma lino, kungoyendera sikufuna helikopita konse. Malawi anatsegula dera loyeserera madroni ku Kasungu mu 2017, ndipo African Drone and Data Academy yakhala ikuphunzitsa achinyamata athu kuyambira 2020. Droni yokhala ndi kamera yoona kutentha imapeza cholumikizira chomwe chayamba kupsa kapena insulator (mbale yotchinga magetsi yomwe imagwira waya pa polo) yosweka popanda munthu kuchoka pansi, ndipo ikagunda waya chotayika ndi ndalama chabe. Helikopita isungidwire zomwe droni singathe: kunyamula mapolo kupita nawo pamwamba pa phiri, kuwolotsa chingwe pa chigwa chachikulu, kufikitsa anthu komwe mlatho wakokoloka.

Ndipo pali ntchito imodzi yomwe ingayambe chaka chino, yothandiza ngakhale mahelikopita a zanyama, a asilikali ndi a chithandizo omwe amauluka kale chapansipansi kuno. Paliponse pomwe waya wawoloka Shire, wadumpha chigwa chachitali, kapena wadutsa pafupi ndi mabwalo a ndege a ku Club Makokola ndi ku Monkey Bay, pamangidwe mipira yochenjeza. Muyezo wa ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse, umati mpira usachepere masentimita 60 kukula kwake, mipira ya kukula kumeneko italikirane mamita osaposa 30, ndipo isinthanesinthane woyera ndi wofiira kapena wa olenji, pa waya wa pamwamba kwambiri. Ndipo anyamata omwe amatsata malayini wapansi aja apatsidwe GPS, alembe polo iliyonse, waya aliyense wokoka polo, ndi kalayini kalikonse kopita kuchigayo kapena ku loji ya m'mbali mwa nyanja. Mapu amenewo akonzedwenso nthawi iliyonse layini yatsopano ikakokedwa, ndipo woyendetsa aliyense wobwera ku Mangochi apatsidwe asanalize injini.